Qibla imodzi, mayiko 57: kodi mayiko a Asilamu angakhale pansi pa ulamuliro umodzi?

Pa 9 Seputembala 2025 dziko la Israel linaphulitsa mabomba mumzinda wa Doha, likulu la Qatar, pofuna kupha atsogoleri a gulu la ku Palestine la Hamas omwe ankakumana kumeneko. Sabata isanathe, pa 15 Seputembala, atsogoleri a mayiko a Aluya ndi a Asilamu anathamangira ku Doha komweko ku msonkhano wadzidzidzi. Anayankhula mwaukali, anatulutsa chikalata chodzudzula, kenako aliyense anakwera ndege yake kubwerera kwawo. Patangodutsa masiku awiri, Saudi Arabia ndi Pakistan anasainirana pangano lakuti woputa mmodzi wa iwo waputa onse awiri.

Zitatuzi zinadzutsa funso lakale lomwe limabwerabwera m'magulu a WhatsApp, pa wailesi, ngakhale pakhonde la mzikiti anthu akatuluka kopemphera Lachisanu. Asilamu padziko lonse alipo pafupifupi 2 biliyoni. Mayiko awo ali ndi mafuta ndi gasi ochuluka, ndipo njira zikuluzikulu za sitima zapamadzi, monga Suez, Hormuz, Bosphorus ndi Malacca, zimadutsa pakhomo pawo. Nanga n'chifukwa chiyani sangamange mutu umodzi, n'kumayankhula ndi mawu amodzi? Kodi tsikulo likubwera?

Kuti tiyankhe bwino, tiyambe tagwirizana kuti umodzi womwe tikunenawo ndi uti, poti ambiri okangana pa nkhaniyi amagwiritsa ntchito mawu amodzi pomwe akutanthauza zinthu zosiyana.

Ummah ndi boma n'zinthu ziwiri

Mu Chiarabu muli mawu akuti ummah, kutanthauza gulu lonse la okhulupirira kulikonse kumene ali. Msilamu wa ku Mangochi, wa ku Jakarta ndi wa ku Sarajevo amayang'ana mbali imodzi popemphera, mbali yomwe imatchedwa qibla, kumene kuli Kaaba ku Mecca. Amasala m'mwezi umodzi wa Ramadan, amawerenga Qur'an imodzi. Umodzi wa mtundu umenewu ulipo kale, ndipo sudikira pulezidenti aliyense kuti ausainire.

Achewa amaudziwa bwino umodzi wotere. Chaka chilichonse Achewa a ku Malawi, Zambia ndi Mozambique amasonkhana ku Mkaika, m'boma la Katete, pa mwambo wa Kulamba, pamaso pa Kalonga Gawa Undi. Ndi anthu amodzi, ndipo palibe angawatsutse. Koma mwambo ukatha, wina amabwerera kwawo ndi kwacha ya Malawi m'thumba, wina kwacha ya Zambia, wina metikali, ndipo pachipata cha Mwami amafunsidwa ziphaso ngati munthu wina aliyense. Umodzi wa ndale umayambira pomwe mwambo wathera: msonkho akutolera ndani, asilikali akumvera ndani, lamulo akupanga ndani.

Pa ndalepo, ena akamati umodzi amatanthauza dziko limodzi la Asilamu onse lokhala ndi mtsogoleri mmodzi. Ena amaganizira zofanana ndi European Union, pomwe mayiko amakhalabe paokha koma amapereka zina mwa mphamvu zawo ku likulu limodzi. Palinso ofuna mgwirizano wa asilikali ngati NATO, bungwe la chitetezo la America ndi mayiko a ku Ulaya. Ndiye pali umodzi wocheperapo, wongogwirizana pa nkhani imodziimodzi ikabwera. Iliyonse mwa njirazi ili ndi mbiri yake, ndipo yoyambayo ndiyo imakoka mitima kwambiri.

Ukhalifa: zomwe anthu amakumbukira ndi zomwe zinachitika

Mtumiki Muhammad atamwalira mu 632, Asilamu anasankha Abu Bakr kuti atsogolere. Udindowo unatchedwa khalifa, kutanthauza wolowa m'malo, osati pa uneneri koma pa kutsogolera anthu. Pambuyo pake panabwera Umar, Uthman ndi Ali. Asilamu ambiri amaona zaka za anayiwa ngati chitsanzo cha utsogoleri wabwino, ndipo ndi pamenepo pomwe loto la dziko limodzi limatunga mphamvu. Komabe ngakhale m'nyengo imeneyo, atatu mwa anayiwo anachita kuphedwa, ndipo m'masiku a Ali Asilamu anamenyana okhaokha pa funso la yemwe ayenera kulamulira.

Kuyambira 661 ukhalifa unasanduka wa banja. A Umayyad analamulira kuchokera ku Damascus mpaka 750, ndipo ufumu wawo unachokera ku Spain kukafika kumalire a India. A Abbasid anawalanda mpando n'kumanga Baghdad. Dera linali lalikulu kwambiri moti kalata yochokera kwa khalifa inkatenga miyezi kuti ifike kumapeto, choncho abwanamkubwa akutali anayamba kudzilamulira okha, n'kumangotchula dzina la khalifa mu ulaliki wa Lachisanu basi. Pofika zaka za m'ma 900 kunali anthu atatu odzitcha khalifa nthawi imodzi: wa Abbasid ku Baghdad, wa Fatimid kumpoto kwa Africa, yemwe banja lake linadzamanga Cairo mu 969, ndi wa ku Córdoba ku Spain kuyambira 929. Mu 1258 a Mongol anasakaza Baghdad.

Mfundo imeneyi imaiwalika kawirikawiri. Mwa zaka pafupifupi 1,400 za Chisilamu, nthawi yomwe Asilamu onse anali pansi pa wolamulira mmodzi ndi yaifupi, ndipo inali koyambirira kwenikweni. M'zaka za m'ma 1500 ndi 1600, pomwe maufumu a Asilamu anali pachimake, kunali a Ottoman ku Istanbul, a Safavid ku Iran ndi a Mughal ku India, ndipo awiri oyambawo ankakhalira kuthirana nkhondo.

Ganizo lakuti Asilamu onse agwirizane pa ndale, monga tikulidziwira lero, linakula m'zaka za m'ma 1800, atsamunda a ku Ulaya akumeza dziko ndi dziko. Mlaliki wa ndale Jamal al-Din al-Afghani anayenda m'mayiko ambiri kulimbikitsa Asilamu kuti agwirane manja asanamalizidwe. Sultan Abdul Hamid II wa Ottoman, yemwe analamulira kuyambira 1876 mpaka 1909, anadzutsanso dzina la khalifa kuti Asilamu a m'manja mwa Britain, France ndi Russia aziyang'ana kwa iye. Ufumu wa Ottoman unagwa itatha nkhondo yoyamba ya dziko lonse, ndipo pa 3 Malichi 1924 nyumba ya malamulo ya dziko latsopano la Turkey, motsogozedwa ndi Mustafa Kemal Atatürk, inathetsa udindo wa khalifa.

Zomwe zinatsatira zimafotokoza vuto lonse mwachidule. Sharif Hussein wa ku Mecca anadzilengeza kuti ndiye khalifa, koma ochepa okha anamuvomera, ndipo chaka chisanathe banja la Saud linamulanda Mecca. Mu 1926 akuluakulu a chipembedzo anakumana ku Cairo kuti aone zoti achite. Mfumu Fuad ya Egypt inkaufuna mpandowo, ena sankafuna kuti ipatsidwe, ndipo msonkhano unabalalika popanda dzina. Zoti pakhale khalifa ambiri sankatsutsa, chinawalepheretsa ndi dzina la munthu woti akhalepo.

Gulu la zigawenga la ISIS litalengeza ukhalifa wake mu 2014 m'madera a Iraq ndi Syria, akatswiri a chipembedzo a magulu onse awiri akuluakulu a Asilamu, Sunni ndi Shia, anaukana, ndipo mayiko a Asilamu anali m'gulu la omwe analithira nkhondo mpaka linataya madera ake onse mu 2019. Palibe boma la dziko lililonse la Asilamu lomwe lili ndi ndondomeko yodzithetsa lokha kuti lilowe mu ukhalifa.

Nyumba yomwe ilipo: OIC

Pa 21 Ogasiti 1969 munthu wina wa ku Australia anayatsa moto mu mzikiti wa Al-Aqsa ku Jerusalem. Mkwiyo womwe unabuka unasonkhanitsa atsogoleri ku Rabat, ku Morocco, mwezi wotsatira, ndipo kumeneko kunabadwa bungwe lomwe lero limatchedwa Organisation of Islamic Cooperation, mwachidule OIC. Likulu lake lili ku Jeddah, ku Saudi Arabia, ndipo lili ndi mamembala 57, kuphatikizapo Palestine. Nduna zoona za ubale wa mayiko zimakumana chaka ndi chaka, atsogoleri amakumana pakatha zaka zingapo kapena pakagwa zadzidzidzi, ndipo ntchito za tsiku ndi tsiku zimayendetsedwa ndi mlembi wamkulu. Mu 2021 udindowu unapita kwa Hissein Brahim Taha wa ku Chad.

Mndandanda wa mamembala ndi wodabwitsa. Mozambique inalowa mu 1994, ngakhale Asilamu kumeneko si ambiri kuposa ena. Uganda, Gabon, Togo, Guyana ndi Suriname alimo. Malawi, komwe kalembera wa 2018 anapeza kuti Asilamu ndi pafupifupi anthu 14 mwa 100 alionse, sali membala. India, yomwe ili ndi Asilamu pafupifupi 200 miliyoni, kuposa dziko lililonse la Aluya, ilinso kunja: nthumwi zake zinaitanidwa ku Rabat mu 1969, koma Pakistan itakana kukhala nazo m'chipinda chimodzi, zinatsekeredwa kunja. Kwa mayiko osauka, chikoka chachikulu cholowera chakhala ngongole ndi thandizo la chitukuko. Kwa ena nkhaniyi yayatsa moto kwawo. Nigeria italowa mu 1986 pansi pa Ibrahim Babangida, Akhristu anadandaula kwambiri, ndipo Zanzibar inakakamizika kutuluka mu 1993 chifukwa malamulo a Tanzania sapatsa zilumbazo mphamvu pa ubale ndi mayiko ena.

OIC ilibe asilikali, sitolera msonkho, ndipo ilibe njira yokakamizira membala kuchita zomwe msonkhano wagwirizana. Chilango chachikulu chomwe ingapereke ndi kuimitsa membala. Inatero ndi Egypt mu 1979 itapangana mtendere ndi Israel, n'kuibwezera mu 1984. Inateronso ndi Syria mu 2012, n'kuibwezera mu 2025 boma la Bashar al-Assad litagwa. Amene amatsatira misonkhano ya SADC kapena ya African Union sangadabwe: zikalata zimalembedwa mosamala kuti aliyense athe kusaina, ndipo chikalata chomwe mayiko 57 onse angasaine chimakhala chitachotsedwa minga yonse.

Izi zinaoneka pa 11 Novembala 2023, pomwe OIC ndi bungwe la Arab League, la mayiko 22 a Aluya, anachititsa msonkhano umodzi ku Riyadh pa za nkhondo ya ku Gaza. Pulezidenti wa Iran wa nthawiyo, Ebrahim Raisi, anapempha kuti mayiko asiye kugulitsa mafuta ndi katundu ku Israel. Mfundoyo sinalowe m'chikalata chomaliza. Chomwe anagwirizana ndi kudzudzula, kupempha kuti nkhondo iime, ndi kutumiza gulu la nduna kuti liyendere malikulu a mayiko amphamvu.

Pomwe anayesa kuphatikiza mayiko

Tisapite kutali ndi mayiko 57. Taonani zomwe zinachitika pomwe awiri kapena atatu okha anayesa.

Mu Febuluwale 1958 Egypt ndi Syria anakhala dziko limodzi, United Arab Republic, pansi pa Gamal Abdel Nasser. Chinenero chimodzi, chipembedzo cha ambiri chimodzi, ndipo makamu anavina m'misewu ya Damascus. Koma likulu linali Cairo, zipani za ndale za ku Syria zinathetsedwa, maudindo akuluakulu anadzadza ndi anthu a ku Egypt, ndipo mu 1961 boma linayamba kulanda makampani a amalonda a ku Syria. Mu Seputembala chaka chomwecho asilikali a ku Syria anagwetsa mgwirizanowo. Unakhala zaka zitatu ndi theka. Akuluakulu omwe anaona Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, cha 1953 mpaka 1963, angakumbukire dandaulo lofananalo, lakuti zabwino zonse zikuthera ku Salisbury, komwe lero ndi Harare. Kusiyana kwake n'kwakuti Chitaganya chinachita kukakamizidwa ndi atsamunda, pomwe a ku Syria anapempha okha, komabe mapeto ake anatopa nacho.

Pakistan ndiye chitsanzo chowawa kwambiri, chifukwa linali dziko lomangidwa pa maziko a Chisilamu penipeni. Mu 1947 linabadwa lili ndi zigawo ziwiri zotalikirana makilomita pafupifupi 1,600, India ili pakati. Akum'mawa ankayankhula Chibengali ndipo anali ochuluka, koma mphamvu, asilikali ndi chuma zinali kumadzulo, komwe ankafuna Chiurdu chikhale chinenero cha dziko. Chipani cha Sheikh Mujibur Rahman wa kum'mawako chitapambana zisankho za 1970 n'kukanizidwa kulamulira, kunabuka nkhondo yoopsa, ndipo mu 1971 kunabadwa Bangladesh. Yemen ya kumpoto ndi ya kum'mwera zinaphatikizana mu 1990, zinamenyana mu 1994, ndipo chilonda chimenecho sichinapole.

Chomwe chinagwira ndi United Arab Emirates, mwachidule UAE. Maufumu ang'onoang'ono asanu ndi limodzi anagwirizana mu Disembala 1971, ndipo Ras al-Khaimah inalowa mu 1972 kukwanitsa asanu ndi awiri. Mfumu iliyonse inasunga mpando wake ndi chuma cha m'dera lake, upulezidenti unapita ku Abu Dhabi, Dubai inatenga unduna waukulu, ndipo Abu Dhabi, mwini mafuta ambiri, inavomera kusenza gawo lalikulu la ndalama zoyendetsera boma. Panali wolipira, ndipo palibe anachotsedwa pampando. Ngakhale apo, Bahrain ndi Qatar, omwe anali nawo pa zokambirana, anasankha kuima paokha.

Chimatsekereza n'chiyani?

Atambala awiri salira m'khola limodzi, ndipo m'khola ili muli atambala oposa awiri. Mfumu ya Saudi Arabia imatchedwa wosunga mizikiti iwiri yoyera, ya ku Mecca ndi Medina, ndipo ili ndi ndalama. Turkey ili ndi mbiri ya Ottoman, mafakitale ndi gulu lankhondo lalikulu. Iran, kuyambira pomwe anagwetsa ufumu mu 1979, imadziona ngati mtsogoleri wa okana kuponderezedwa ndi mayiko a azungu. Egypt ili ndi Al-Azhar, sukulu ya chipembedzo yolemekezeka kwambiri pakati pa a Sunni. Pakistan ndi dziko lokhalo la Asilamu lomwe lili ndi mabomba a nyukiliya, omwe linawayesa mu 1998. Indonesia ndi Pakistan ndiwo ali ndi Asilamu ambiri zedi, dziko lililonse oposa 200 miliyoni, pomwe Aluya onse pamodzi ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu a Asilamu.

Mpikisanowu umaonekera ngakhale pa zazing'ono. Mu Disembala 2019 Mahathir Mohamad wa ku Malaysia anaitanitsa msonkhano ku Kuala Lumpur, komwe kunafika atsogoleri a Turkey, Iran ndi Qatar. Saudi Arabia inauona ngati wofuna kupikisana ndi OIC, ndipo Imran Khan wa ku Pakistan, yemwe anali mmodzi mwa oyambitsa ganizolo, anabwerera m'mbuyo masiku omaliza. Mayiko asanu ndi limodzi a bungwe la Gulf Cooperation Council, lomwe linakhazikitsidwa mu 1981, ankafuna kukhala ndi ndalama imodzi pofika 2010. Oman inatuluka kaye, kenako mu 2009 UAE inatuluka itamva kuti banki yaikulu idzakhala ku Riyadh. Awa ndi mayiko oyandikana, olemera, olamulidwa ndi mafumu, oyankhula chinenero chimodzi. Mu Juni 2017 atatu mwa iwo, pamodzi ndi Egypt, anatsekera Qatar malire, mlengalenga ndi nyanja, mpaka Januwale 2021.

Anthu ambiri akafunsidwa amathamangira kunena kuti vuto ndi Sunni ndi Shia. Kugawanikaku kunayambira pa funso la yemwe anayenera kulowa m'malo mwa Mtumiki: a Shia amati anayenera kukhala Ali ndi mbumba yake, a Sunni amavomereza makhalifa anayi aja monga anatsatirana. A Sunni ndi pafupifupi 85 mpaka 90 mwa Asilamu 100 alionse. A Shia ndi ochuluka ku Iran, Iraq, Azerbaijan ndi Bahrain. N'zoona kuti mkangano wa Saudi Arabia ndi Iran wavala chovala chimenechi ku Syria, Yemen, Lebanon ndi Iraq, ndipo mayiko awiriwa anadula ubale mu Januwale 2016 mpaka China itawayanjanitsa ku Beijing mu Malichi 2023. Koma kwa ine yankho limeneli ndi lopepuka mopitirira. Iran ya Shia yathandiza Hamas ya Sunni kwa zaka zambiri. Azerbaijan ya Shia imagwirizana kwambiri ndi Turkey komanso Israel kuposa ndi Iran. Saddam Hussein polanda Kuwait mu 1990 sankatsutsana ndi Kuwait pa za chikhulupiriro, nkhani inali ngongole ndi mafuta. Morocco ndi Algeria, onse a Sunni, malire awo apamtunda akhala otseka kuyambira 1994, ndipo anadula ubale mu 2021, mkangano wa Western Sahara uli pakati. Nkhondo ya ku Sudan yomwe inayamba mu Epulo 2023 ndi ya Asilamu okhaokha. Kawirikawiri chipembedzo chimabwera kudzakometsera mkangano womwe muzu wake ndi malo, mpando kapena chuma.

Palinso kusiyana kwa kayendetsedwe ka boma. Malamulo a Turkey ndi Senegal amalekanitsa boma ndi chipembedzo. Indonesia imachita zisankho ndipo imavomereza zipembedzo zingapo mwalamulo. Ku Iran mawu omaliza ali ndi mtsogoleri wachipembedzo, ku Saudi Arabia ali ndi banja lachifumu, ku Afghanistan ali ndi a Taliban kuyambira Ogasiti 2021. Nyumba ya malamulo imodzi ya onsewa ingasankhidwe bwanji? Kukhala kuwerenga mitu, Indonesia, Pakistan, Bangladesh ndi Nigeria angalamulire, pomwe olipira angakhale a ku Gulf. Munthu mmodzi ku Qatar, chuma cha dziko chikagawidwa mofanana, amapeza madola oposa 70,000 pachaka, wa ku Niger safika ndi 1,000 yomwe.

Ndiye pali abwenzi akunja. Turkey ili mu NATO kuyambira 1952. Qatar imasunga bwalo lalikulu la ndege zankhondo za America la Al Udeid, lomwe Iran inaliponyera mizinga mu Juni 2025. Bahrain imasunga likulu la sitima zankhondo za America za m'deralo. Mayiko a pakati pa Asia, monga Kazakhstan ndi Tajikistan, amayang'ana ku Moscow ndi Beijing. Ngakhale pa Palestine, nkhani yomwe inabala OIC, njira n'zosiyana: Turkey inavomereza Israel mu 1949, Egypt inapangana nayo mtendere mu 1979, Jordan mu 1994, ndipo mu 2020 UAE, Bahrain ndi Morocco anatsegula ubale, pomwe Iran, Algeria, Pakistan, Malaysia ndi Indonesia alibe ubale wa ukazembe ndi Israel.

Chomaliza, chomwe sichimveka kwambiri m'maulaliki, ndi malonda. Maziko a European Union anayalidwa mu 1951 ndi mayiko asanu ndi limodzi ogwirizana pa malasha ndi zitsulo, ndipo ndale zinatsatira pambuyo pa malonda. Mayiko a OIC amagulitsana okhaokha pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu a malonda awo onse, pomwe a EU amagulitsana okhaokha kuposa theka. Ambiri amagulitsa zinthu zofanana, monga mafuta, gasi, thonje ndi miyala ya m'migodi, ndipo wogulitsa tomato sagula tomato kwa mnzake wapabenchi. Makasitomala awo enieni ali ku China, India, Ulaya ndi America.

Pomwe mgwirizano wabala zipatso

Kunena kuti palibe chomwe chachitika kungakhale kunama. Mu Okutobala 1973 mayiko a Aluya ogulitsa mafuta anachepetsa mafuta ndi kuwakaniza mayiko omwe ankathandiza Israel pa nkhondo, ndipo mtengo wa mgolo unakwera kuchoka pa madola pafupifupi 3 kufika pafupifupi 12. Mu 1974, msonkhano wa OIC wa ku Lahore ndiwo unachititsa kuti Pakistan ivomereze Bangladesh. Banki ya Islamic Development Bank, yomwe inayamba ntchito mu 1975, yakhala ikupereka ndalama za misewu, sukulu, zipatala ndi magetsi m'mayiko ake, motsatira malamulo a Chisilamu oletsa chiwongoladzanja. Mu Novembala 2019 dziko laling'ono la Gambia, mothandizidwa ndi OIC, linasumira Myanmar ku khoti la dziko lonse ku The Hague chifukwa cha kuphedwa kwa Asilamu a mtundu wa Rohingya, ndipo mu Januwale 2020 khotilo linalamula Myanmar kuti iwateteze mlandu uli mkati.

Chitsanzo chomwe chimakhudza Msilamu wamba ndi Hajj, ulendo wa ku Mecca. Anthu pafupifupi 400 atafa pa chipolowe cha pakati pa ochokera ku Iran ndi achitetezo a Saudi Arabia mu 1987, mayiko a OIC anagwirizana chaka chotsatira kuti dziko lililonse lizitumiza anthu pafupifupi 1,000 pa Asilamu 1 miliyoni alionse. Dongosolo limenelo likugwirabe ntchito, ndipo mu 2024 anthu oposa 1.8 miliyoni anachita Hajj. Linatheka chifukwa nkhani inali imodzi, yowerengeka, ndipo mwini malo anali wodziwika. Yerekezani ndi tsiku la Eid, lomwe mpaka lero mayiko, ngakhale mizikiti ya m'tauni imodzi, amatha kusiyana chifukwa cha kaonedwe ka mwezi.

Nanga za "NATO ya Asilamu"?

Ofuna umodzi ali ndi mfundo zomveka. Amati mutu umodzi susenza denga, ndipo zomwe zachitikira Palestine, Bosnia ndi a Rohingya zikuonetsa mtengo wa kuima pawekha. Amatinso malire ambiri a lero anajambulidwa ndi atsamunda, ndipo France ndi Germany, omwe anaphana kwa zaka zambiri, lero ali ndi ndalama imodzi. Okayikira amayankha kuti malirewo tsopano ali ndi zaka zokwanira kuti anthu azikonda mbendera zawo, kuti m'mayikowa mukukhala Akhristu, Ahindu ndi ena mamiliyoni ambiri omwe ali ndi ufulu wofunsa malo awo, komanso kuti mgwirizano wa asilikali umafuna mdani mmodzi wogwirizanapo, chinthu chomwe Riyadh, Tehran, Ankara ndi Islamabad sanagwirizanepo.

Nkhaniyi imatikhudza ngakhale ife okhala kutali. Pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu a mafuta omwe dziko lapansi limagwiritsa ntchito akhala akudutsa pa Hormuz, pakati pa Iran ndi Oman, ndipo mayiko a ku Gulf amagulitsanso feteleza wochuluka. Akayanjana kapena kukangana, zotsatira zake zimadzafika pa mtengo wa petulo ndi wa thumba la urea.

Mapangano a chitetezo pa pepala alipo kale ochuluka. Arab League ili ndi lake la 1950. Mu Malichi 2015 atsogoleri ake anavomereza ku Sharm el-Sheikh kuti pakhale gulu lankhondo limodzi, koma silinakhazikitsidwe. Mu Disembala chaka chomwecho Saudi Arabia inalengeza mgwirizano wa mayiko 34 wolimbana ndi zauchifwamba, womwe pambuyo pake unapatsidwa mkulu wakale wa asilikali a Pakistan, Raheel Sharif, kuti autsogolere. Iran sinalimo.

Pangano la Saudi Arabia ndi Pakistan la pa 17 Seputembala 2025 linakopa maso chifukwa mawu ake akufanana ndi a NATO, komanso chifukwa mmodzi ali ndi ndalama, mnzake ali ndi asilikali ndi zida za nyukiliya. Ubale wawo si wachilendo, poti asilikali a Pakistan akhala akuphunzitsa ndi kulondera ku Saudi Arabia kwa zaka zambiri. Koma mbiri yake ili ndi chenjezo. Mu 2015 Saudi Arabia itapempha Pakistan kuti itumize asilikali ku nkhondo ya ku Yemen, nyumba ya malamulo ya ku Islamabad inavota kuti dzikolo lisalowerere. Pakistan imagawana malire aatali ndi Iran, ndipo Saudi Arabia imagulitsa mafuta ochuluka ku India, mdani wamkulu wa Pakistan.